Mbuzi ya Miyendo Itatu

Ndi angati mwa inu amene mtima umadumpha akamva liu lakuti masamu? Musacite manyazi, ine dzanja ndakweza kale. Ndinakula ndikukhulupirira kuti masamu ali ndi eni ake, anthu obadwa nao m'mutu, ndipo enafe tinapita ku sukulu kukangowaperekeza. Ganizo limeneli ndinakhala nalo mwamtendere zaka zambiri, kufikira tsiku limene ndinalimva likutuluka m'kamwa mwa mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 9.

Munali m'Januwale 2024. Mukumbukira kuti caka cimeneco masukulu sanatsegulidwe pa nthawi yake kaamba ka matenda a kolera, ndipo ana anakhala pa nyumba mpaka pa 12 Febuluwale. Ife tikhala ku Chipata, pa bwalo limodzi ndi mabanja ena atatu. M'mawa wina mlongo wanga anatuma mwanayo ku kantemba ndi K50 kuti akagule matimati a K10, kapenta wa K15 ndi saladi wa K12. Zinthu anabwera nazo zonse, koma chenji inali K8.

"Iwe, ndalama ina ili kuti?" anafunsa amai ake.

"Ndi zomwezi andipatsa, amama."

"Zonse wagulazi ndi K37. Tsono 50 kucotsapo 37 patsala zingati?"

Mwana anagwada nalemba samuyo ndi cala pa dothi. Anailemba bwino lomwe, 50 pamwamba, 37 pansi, ndi mzere wake. Atakhala kanthawi anati, "27."

"Ugule za K37, akubwezere K27? Kodi mwini kantemba ndi amalume akowa?"

Mlongo wanga si munthu wankhanza. Amadzuka kusanace kuphika zitumbuwa zogulitsa, ndipo adziwa kuti K5 sigwa mu mtengo. Koma mwana anathawira kuseri kwa nyumba, ndipo nditamutsatira ndinamupeza akupukuta misozi ndi diresi. Anati, "Amalume, ine masamu sindimva. Mutu wanga ndi wouma."

Mau amenewo anandilasa cifukwa anali anga. Ine ndinali m'giredi 3 mu 2003. Caka ca m'mbuyo mwake, 2002, boma linali litacotsa malipiro a sukulu kuyambira giredi 1 kufika giredi 7, ndipo ana anadzaza kalasi mpaka pa citseko. Malo anga anali kumbuyo, pansi, pa thumba la feteleza. M'mawa uliwonse tinali kuyamba ndi masamu a pamtima. Tonse tiimirira, aphunzitsi afunsa, wokhoza akhala pansi, wolephera atsala ciimire kuyembekeza rula pa zala. Kawirikawiri otsiriza kukhala tinali atatu omwe-omwewo. Lamulo lalikulu linali lakuti aliyense maso pa buku lake, motero tinaphunzira kuphimba buku ndi mkono monga munthu wodya nyama yakuba. Kufunsa mnzako kunali kuba, kumuuza kunalinso mlandu. Aphunzitsi aja sindiwaimba mlandu. Munthu mmodzi pakati pa khamu lotere akanacita ciani? Koma cimene ndinatuluka naco ndi cakuti masamu ndi cinthu cocita wekha, mwakacetecete ndiponso mwamsanga, ndipo ngati sutha kutero ndiye kuti si ako.

Ndinakumana naonso masamu ndili wamkulu, pamene ndinayamba kuphunzira ukalipentala. Tsiku lina mmisiri wamkulu anatisiyira thabwa la masentimita 240, anyamata atatu, nati tidulemo mashelefu 5 ofanana. Ine ndinangoti duu. Mnzanga wina anati lililonse likhale 50. Winayo anati 50 kasanu ndi 250, thabwa silikwana. Tinatsika ku 45, panatsala cidutswa. Tinakangana, tepu ikuyenda m'manja, mpaka tinagwera pa 48. Ndipo ndine amene ndinati, "Nanga sowo? Paja imadyako thabwa pomwe yadutsa." Anzanga anandiyang'ana nati, "Zoona." Kanali koyamba m'moyo wanga kuti mau anga pa nkhani ya manambala amvedwe. Kuyambira pamenepo ndinaona kuti pa nchito palibe amene aphimba thabwa ndi mkono. Omanga nyumba, osoka, azimai a cilimba, onse amawerengera pamodzi ndiponso mokweza.

Mungaganize kuti munthu wodziwa zimenezi akanadziwa cocita ndi mwana wa mlongo wake. Iai. Madzulo omwewo ndinamukhazika pa mpando, ndinatenga buku ndi pensulo, ndi kuyamba kulalikira. "Pano ubwereka 1, pano ufafaniza 5 ulemba 4. Wamva?" "Ndamva, amalume." Ndimupatsa ina, alakwa. Ndibwereza. "Wamva?" "Ndamva." Tsiku lacitatu ndinadzimva ndikukweza mau, ndipo ndinaona mkono wake ukuyenda pang'onopang'ono kukaphimba buku. Ndinatseka bukulo. Rula yokha ndiyo inasowa, zina zonse ndinali nditazibweretsa pa khonde pathu.

M'gulu lathu la acinyamata muli mnzathu wina amene ndi mphunzitsi wa ana aang'ono. Nditamufotokozera, anayamba ndi kufunsa yankho limene mwana anapereka. Nditati 27, anaseka nati, "Acimwene, mwanayo si wouma mutu. Waona 0 pamwamba ndi 7 pansi, waona kuti 7 sacoka mu 0, tsono watembenuza: 7 kucotsa 0 ndi 7, ndipo 5 kucotsa 3 ndi 2. Ndiyo 27 yanuyo. Waganiza ndithu. Cimene saona ndi cakuti 5 ujayo ndi makumi asanu." Anandikumbutsa kuti mwanayo analowa giredi 1 mu 2022, caka cimene maphunziro anakhala aulere mpaka giredi 12. Boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000 caka comweco, komabe ana obwerera ku sukulu anali ambiri, ndipo mwana wacete sacedwa kusowa m'cigulu. Anandiuzanso za nchito yochedwa Catch Up, imene Unduna wa Maphunziro unayamba kuyesa mu 2016 m'masukulu ena a cigawo ca kum'mawa kuno ndi cigawo ca kumwera. Njira yake inacokera ku India, ku bungwe lochedwa Pratham. Ana a giredi 3 mpaka 5 amaikidwa m'magulu molingana ndi cimene mwana atha kucita, osati giredi yake, ndipo manambala amawagwira ndi manja: timitengo khumi timangidwa kukhala mtolo umodzi.

"Tsono ndicite ciani?" ndinafunsa.

"Mudule timitengo. Mumupezere anzake. Muwapatse funso limodzi onse pamodzi. Ndipo inu mutseke pakamwa."

Zitatu zoyambazo zinali zosavuta. Timitengo ndinadula ku zinyalala za ku nchito. Ana pa bwalo pathu sasowa. Pa Ciweru cotsatira, atasamba m'manja ndi sopo monga nthawi ija inafunira, anakhala pa khonde ana 6. Maina ao ndiwasunga. Panali mwana wa mlongo wanga. Mnyamata wa giredi 4, wanzeru zothamanga, amene ndidzamuchula kuti wamkulu. Mapasa a giredi 2. Mtsikana wina wa giredi 3. Ndi kamlongo kake ka zaka 6, kamene kanali kasanayambe sukulu ndipo kanabwera cabe cifukwa panalibe wokasiyira.

Funso ndinalinena monga nthano. "M'khola muli nkhuku ndi mbuzi. Ndasuzumira pamwamba, ndaona mitu 8. Ndasuzumira pansi pa citseko, ndaona miyendo 22. Nkhuku ndi zingati, mbuzi ndi zingati? Yankho ndi la nonse. Ndidzaloza aliyense amene ndifuna kuti andifotokozere."

Ndisanatseke pakamwa wamkulu uja anati, "4 ndi 4!" Mmodzi wa mapasa anati, "Tiwerenge." Anawerenga pa zala zake ndi za mbale wake: nkhuku 4 miyendo 8, mbuzi 4 miyendo 16, pamodzi 24. "Yapitirira." Wamkulu anaponyanso manambala ena awiri, osagwira. Kenaka anati, "Amalume, samu yanu ndi yolakwika." Ndinati, "Kapena." Panagwa bata. Anzanga, sindinadziwe kuti kukhala cete kuwawa cotere. Yankho linali kundiyabwa pa lilime. Mwana wa mlongo wanga anali atakhala kumapeto, maso pansi, akukanda simenti ndi cikhadabo. Ndinaganiza kuti ndamuonjezera cabe manyazi, tsopano pamaso pa anzake.

Amene anatsegula njira ndi kamwana ka zaka 6. Iko za funso kanalibe nazo kanthu. Kanatola kacidutswa ka malasha pa mbaula ndi kuyamba kujambula mutu wa mbuzi pa simenti, ndi nyanga zake. Mlongo wake anakamenya pa dzanja. Pamenepo mwana wa mlongo wanga analankhula koyamba: "Musiye. Ajambule mitu yonse 8." Kanajambula timizere tozungulira 8, tina ngati mazira, tina ngati mbatata. Mapasa, poona kuti pali nchito, anawerenga timitengo 22 naika pakati. "Iyi ndi miyendo." Kamwana kaja kanayamba kugawa, tiwiri pa mutu uliwonse, cifukwa, monga kananenera, kulibe ciweto ca mwendo umodzi. Timitengo 16 tinapita. M'manja munatsala 6.

Mtsikana wa giredi 3 analanda totsalato. Iye ndi mwana woyamba kwao, wozolowera kugawa ndiwo mosakondera, motero anaika kamodzi-kamodzi pa mitu 6. Onse anayang'ana. Ndipo mmodzi wa mapasa anafuula, "Mbuzi ya miyendo itatu!" Kuseka kumene kunabuka pamenepo, amai a pa bwalo anatuluka m'nyumba kudzaona. Wina anati inagundidwa ndi njinga. Wina anayamba kutsimphina kuzungulira khonde akulira mee. Ine ndinaona nthawi ikutha, koma ndinadzigwira.

Kuseka kutazirala ndinamva mau aang'ono. "Musapatse umodzi-umodzi. Nkhuku kuti isanduke mbuzi ifuna miyendo iwiri." Anali mwana wa mlongo wanga. Palibe anamumva, motero anabwereza mokweza, nasendera pakati, nacotsa timitengo 6 tija, naika tiwiri pa mutu woyamba, tiwiri pa waciwiri, tiwiri pa wacitatu. M'manja munati mbee. "Mbuzi 3, nkhuku 5." Wamkulu sanakhulupirire. Anawerenga yekha: 12 ndi 10, pamodzi 22. Anakhala kanthawi akuyang'ana, kenaka anati, "Ndipo ine ndinatsala pang'ono. Pa 4 ndi 4 inapitirira ndi 2. Kunali kungosintha mbuzi imodzi ikhale nkhuku." Nayenso ananena zoona. Njira zinakhala ziwiri pa samu imodzi, ndipo ana anayamba kukangana kuti yabwino ndi iti. Ndinaloza mmodzi wa mapasa kuti afotokoze. Anakakamira pakati, mbale wake anamunong'oneza, anatsiriza.

Samu imodzi inatidyera mphindi pafupifupi 40. Ku sukulu kwathu kuja zikanakhala masamu 20 ndi zala zotupa. Koma taonani mmene yankho linabwerera. Wamkulu anayesa nalakwa, ndipo kulakwa kwake kunasonyeza kuti yankho lili pafupi. Mapasa anayesa yankho lake m'malo mongolivomera. Kamwana kosadziwa kulemba dzina lake kanaika funso pa simenti pomwe onse atha kuliona. Mtsikana uja analakwa mooneka, kulakwa kosekesa, ndipo mbuzi yopundukayo ndiyo inaonetsa mwana wa mlongo wanga cimene cinali kusoweka. Mukacotsapo mmodzi, sindidziwa ngati akanafika. Ndipo ine ndikanalankhula pa mphindi yacisanu, onse akanati, "Tamva, amalume."

Pambuyo pake ndinadziwa kuti funso lotere si la lero. M'buku lina lakale la masamu la ku China, la Sunzi, lolembedwa zaka zoposa 1,500 zapitazo, muli funso la mbalame ndi akalulu m'khola limodzi: mitu 35, miyendo 94. Yankho sindikuuzani. Mukakumana m'gulu lanu sabata ino, yesani, ndipo muone amene adzayamba kujambula pansi.

Pa Ciweru cina tinacita sitolo. Ndinamanga mitolo ya timitengo khumi-khumi ndi mphira wa chubu ca njinga. Mtolo unali K10, kamtengo kamodzi K1. Mwadala ndinapatsa mwana wa mlongo wanga mitolo 5, ndi kumutuma kwa mapasa, eni sitolo, kukagula za K37. Anapereka mitolo 3, naima. "Zatsala 7," anatero mapasa. "Ndilibe totayana." "Ifenso tilibe chenji, kasitoma." Anayang'ana mitolo iwiri ya m'manja mwake. Mtsikana wa giredi 3 anati, "Si umasule umodzi?" Anamasula, timitengo khumi tinamwazika pa simenti, anawerenga 7 napereka. Kunatsala mtolo umodzi ndi timitengo 3. Anati, "13." Kenaka anatembenukira kwa ine, maso ali gwa. "Amalume, kansi kubwereka kuja ndi kumasula mtolo?" Masiku atatu ndinalalikira za kubwereka. Ndipo kunena zoona, inenso ndinali ndisanaganizepo kuti liulo ndi lonama: cobwereka cimabwezedwa, koma mu samu palibe cimene tibweza. Timangomasula.

Wamkulu anatiphunzitsa njira ina tsiku lomwelo, imene anaiona kwa amai ake ogulitsa pa msika. Iwo sacotsa konse. Amayambira pa mtengo kukwera: 37, aika 3 kuti ikwane 40, aika 10 kuti ikwane 50. Imeneyi ana anaikonda kopambana, cifukwa sifuna pensulo.

Ngakhale ambuya athu, amene sanapondepo m'kalasi, analowamo. Anatipeza tsiku lina mapasa akulimbana ndi 7 kuphatikiza 8, zala zitawathera. Ana athu amachula manambala m'Cingerezi, ndipo ambuya anafunsa kuti manambalawo ndi ati m'cinenero cathu. Ndinati zisanu ndi ziwiri, ndi zisanu ndi zitatu. Anati, "Nanga cobvuta n'ciani? Zisanu ziwirizo ndi khumi. Ziwiri ndi zitatu ndi zisanu. Khumi ndi zisanu." Anapitirira ndi lichero lao. Cinyanja cimathyola kale manambala pa zisanu, monga dzanja, ndipo yankho linali m'maina momwemo. Kuyambira tsikulo mapasa akakakamira amati, "Tiyese ya ambuya."

Musaganize kuti zonse zinayenda ngati madzi. Bvuto langa lalikulu linali wamkulu uja. Mwana wothamanga nzeru akhoza kupha gulu osadziwa. Ayankha msanga, ena amasiya kuganiza, amangodikira kuti akope. Ndinaona kuti ndikapatsa aliyense timitengo take, aliyense atembenukira ku khoma lake, ndipo pomaliza onse ayang'ana kwa wamkulu. Motero mulu wa timitengo unakhala umodzi, malasha amodzi. Ndinaonanso kuti masamu a mzere, aja a 24 kuphatikiza 13, sayenera gulu. Mulibe cokambirana. Funso loyenera ndi lija limene palibe alidziwa pomwepo, koma wamng'ono atha kuyambapo ndi manja.

M'mwezi wa Juni, kolera itapita, ndinawapatsa ili: "Muli 6. Aliyense apatse moni wa dzanja kwa mnzake aliyense kamodzi. Moni yonse ikhala ingati?" Wamkulu anati, "30. Aliyense apatsa anthu 5, ndipo 6 kuculukitsa ndi 5 ndi 30." Ndibvomere pano kuti ine ndemwe, pamene ndinamva funsoli koyamba, ndinati 30. Enawo anati tiyese. Anayamba kugwirana manja mwacisawawa, kuwerenga kunasokonezeka katatu. Mwana wa mlongo wanga ndiye anati aime pa mzere: woyamba apatse onse moni akakhale pansi, waciwiri cimodzimodzi. Woyamba anapatsa 5, waciwiri 4, kenaka 3, 2, 1, ndipo wotsiriza anapeza kuti palibe wotsala. Pamodzi 15. Mapasa anati kwa wamkulu, "Iwe ukapatsa ine moni, ndiye kuti inenso ndakupatsa. Wawerenga kawiri!" Anayamba kumuimbira nyimbo yomuseka, ndipo ine, mmalo mowaletsa, ndinaseka nao. Mwina mumtima ndinali kubwezera ana onse anzeru amene anali kukhala pansi ine ndili ciimire mu 2003.

Mnyamatayo sanabwere pa Ciweru ciwiri. Ndinazindikira kuti ndamucita cimene anandicita ine, kungoti ndasintha munthu. Ndinapita kwao kukapepesa, munthu wa ndevu kupepesa mwana wa zaka 10, atate ake akudabwa. Ndinamuuza kuti 30 yake sinali yopusa: ukaigawa pakati upeza 15, ndipo njira yake ndiyo ingathandize ngati anthu ali 40, pomwe mzere ungatenge tsiku lonse. Anabwerera. Tinapangana kuti akadziwa yankho msanga, andinong'oneze ine, ndipo kwa anzake aziloledwa kufunsa mafunso cabe. Poyamba mafunso ake anali onga akuti, "Kodi si 12?" Koma anaphunzira. Tsiku lina ndinamumva akufunsa mapasa kuti, "Wadziwa bwanji?" ndipo anadikira yankho.

Mlongo wanga anali ndi cikaiko cake, ndipo sicinali copanda pake. Anati, "Acimwene, zamasewera zanuzi ndaziona. Koma pa mayeso adzakhala yekha. Mapasa sadzakhalapo, timitengo sadzalola." Ndinakafunsanso mnzathu mphunzitsi. Iye anandiuza za Lev Vygotsky, katswiri wa ku Russia wa za kakulidwe ka nzeru za ana, amene anamwalira mu 1934. Ciphunzitso cake cinali cakuti pakati pa zimene mwana atha yekha ndi zimene sangathe konse pali zimene atha mothandizana ndi ena, ndipo kuphunzira kumacitikira pamenepo. Zimene acita ndi anzake tsopano ndizo adzacita yekha pambuyo pake. Ine ndinaganiza za njinga. Tonse tinaphunzira wina atagwira kumbuyo, koma palibe amene afika ku Katete atamugwirira. Komabe mau a mlongo wanga ndinawatenga. Kuyambira pamenepo mphindi khumi zotsiriza aliyense amakhala payekha ndi funso lofanana ndi la tsikulo, manambala osintha. Pamenepo ndi pomwe ndimaona amene wamvadi ndi amene anangokwera pa msana wa gulu.

Ndipo alipo. Mmodzi wa mapasa amalankhula bwino pakati pa anzake, koma akakhala yekha amabwerera ku kuwerenga zala kuyambira pa 1. Caka cinatha asanasinthe kwenikweni. Sindine mphunzitsi, ndipo pali zina zimene khonde silingathe. Ndinauza amai ake kuti akaonane ndi aphunzitsi ake, ndipo ife tipitiriza kumupatsa mitolo.

M'miyezi ya cilala ca 2024, pamene malaiti anali kupita maola ambiri ndipo ma TV anali zii, ana a m'mabwalo ena anayamba kubwera. Tsiku lina ndinawerenga 19. Linali phokoso cabe: atatu agwira timitengo, ena onse aonerera kapena amenyana. Gulu likapitirira ana 5 kapena 6, ofooka amabwerera kumbuyo monga m'kalasi. Ndinapempha anzanga atatu a m'gulu la acinyamata kuti adzandithandize, ndipo tinagawa ana anai-anai kapena asanu-asanu. Awiri mwa anzangawo anayamba ndi kukana, amvekere, "Ife masamu tinalephera." Ndinawauza kuti ndiwo ndifuna. Amene anakhoza bwino masamu ndiye anatibvuta, cifukwa sanali kupirira kuona mwana akusocera. Anali kulanda malasha ndi kulemba yankho. Olepherawo adziwa mmene kusocera kumamvekera, ndipo amadikira. Inu amene muwerenga muli ndi ang'ono anu pa nyumba, ndipo timitengo sagula.

Za K5 ija sitinaidziwe komwe inapita, kaya inagwa pa njira kaya inatsala pa kantemba. Koma mwana wa mlongo wanga tsopano akapatsidwa chenji amaima pomwepo, milomo ikuyenda, kukwera kucokera pa mtengo mpaka pa ndalama imene anapereka. Sakhala woyamba m'kalasi. Mkono uja suphimbanso buku.

Pa holide ya Disembala 2024, madzulo ena malaiti atapita, tinakhala panja kuzungulira mbaula. Mwanayo anati ali ndi funso lake, wapanga yekha, ndipo afuna amai ake ayankhe. "Pa siteshoni paima njinga ndi magalimoto aang'ono. Zonse pamodzi ndi 10. Mawilo ndi 26. Njinga ndi zingati?"

Mlongo wanga anati, "Ine zimenezo ndinasiya kale. Funsa amalume ako."

"Amalume saloledwa kulankhula."

Mlongo wanga anatakasa moto. Anati 5 ndi 5, nawerenga yekha camumtima, napukusa mutu. Anakhala cete nthawi yaitali, mwana akumuyang'ana osathandiza. Kenaka anasendeza mpando wake pafupi ndi kuwala kwa mbaula, natola kacidutswa ka malasha kozizira.

"Tabweretsa timitengo tako tija," anatero. "Uitanenso mapasa."